Usiku umene nangula anazuka

Boti tinabwereka la mamita 7, la matanga awiri ndi kainjini kumbuyo. Tinalimo awiri, ine ndi alamu anga, ndipo tinapangana zoti tizungulire masiku atatu pamalo amene nyanja ya mchere yalowerera kumtunda ngati uta, paja achizungu amati bay. Mafunde akuluakulu safika m'menemo, n'chifukwa chake ongoyamba kumene amakonda malo otere.

Tisanamasule chingwe padoko tinatha ola lathunthu tikuyendera zinthu: madzi akumwa, mafuta a injini, majekete oyandamitsa, pampu yokapira madzi, nyali. Wailesi yolankhulirana panyanja, yotchedwa VHF, tinaisiya pa tchanelo 16, pamene munthu amaitanira thandizo zikavuta. Kunyumba tinasiya mawu onena kumene tikagone ndi tsiku lobwerera. Panalinso pepala losonyeza nthawi imene madzi amadzaza ndi kuphwa. Limeneli ndinangoliponya diso n'kulipinda m'thumba.

Tinatuluka ndi injini, n'kulozetsa mutu wa boti kumene mphepo inkachokera kuti thanga lalikulu likwere popanda kulimbana nalo. Titazimitsa injini kunangoti zii, kumangomveka madzi akunyambita m'mbali mwa boti. Sindinamvepo mtendere wotere paulendo uliwonse.

Kumene tinkapita n'kumene mphepo inkachokera, ndiye panalibe zolunjika. Boti la matanga silingayende moyang'anizana ndi mphepo. Limapatuka pafupifupi madigiri 45, mumayenda pang'ono, mumatembenuka, n'kupatukiranso mbali inayo, ngati munthu wokwera phiri lotsetsereka. Njira imatalika pafupifupi kamodzi ndi theka. Liwiro lathu linali manoti 4, ndipo noti imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola, choncho wa njinga akanatipitirira. Potembenuka paliponse ndinkafuula kuti, "Alamu, mutu!" chifukwa mtengo wa m'munsi mwa thanga umadutsa mwamphamvu ndipo ukhoza kumuponya munthu m'madzi.

Masana mphepo inakula. Zimatero dzuwa likatentha, poti mtunda umafunda msanga kuposa madzi, mpweya wofundawo n'kukwera, wa panyanja n'kumathamangira kumtunda. Boti litayamba kupendekeka kwambiri tinapindako thanga kuti lichepe. Ndinkaganiza kuti tichedwa, koma boti linawongoka, chiwongolero chinapepuka m'manja, liwiro osasintha.

Chakumadzulo tinalowa pakakhonde kobisika kuseri kwa phiri. Mapu ankasonyeza kuti pansi pake ndi mchenga, ndipo makina oyezera kuya anati mamita 3. Lamulo ndinkalidziwa: chingwe cha nangula chizitalika kasanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi kuya kwa madzi, kuti chizimukoka chogona, mano ake azilowerabe pansi. Ndinawerengera 3 kuchulukitsa ndi 5, ndinatsitsa mamita 15, tinayatsa nyali yoyera ya pamlongoti, tinagona.

Cha m'ma 1 koloko usiku alamu anandigwedeza paphewa. "Tadzukani, phiri lija lasuntha." Nditatuluka ndinapeza kuti nyali ya kumtunda imene inali kumanja kwathu tsopano ili kutsogolo ndithu. Ndinagwira chingwe cha nangula, ndipo chinkanjenjemera m'dzanja, gu-gu-gu, ngati khasu likukwekwerezeka pamiyala. Kumbuyo kwathu kunkamveka madzi akuswa pamatanthwe.

Kulakwa kwanga kunali kwa masamu. Tinafika madzi ataphweratu, ndipo pakati pa kuphwa ndi kudzaza pamapita maola 6 ndi mphindi zochepa. Pamalo pamenepo madzi amakwera mamita 2, monga mmene pepala la m'thumba lija linkanenera. Komanso mutu wa boti, pomwe chingwe chimachokera, unali mita imodzi pamwamba pa madzi. Ndiye kuti pakati pa usiku panali mamita 6, osati 3. Chingwe changa cha mamita 15 chinatsala chotalika kawiri ndi theka basi, chinaimirira, n'kumuzula nangula mumchenga. Pankafunika mamita 30.

Tinavala majekete. Alamu analiza injini n'kugwira chiwongolero, ine ndinakwawira kutsogolo tochi ili pamphumi. Iwo ankasuntha boti pang'onopang'ono kulondola chingwe, ine ndikukoka, mpaka nangula anatuluka atakutidwa ndi udzu wa m'madzi. Ndinauchotsa wonse ndi manja, chifukwa nangula wa udzu sagwira. Tinabwerera pamchenga paja, ndipo ulendo uno sindinamuponye ayi. Ndinamutsitsa mpaka atagunda pansi, kenako ndinkamasula chingwe pang'onopang'ono boti likubwerera m'mbuyo ndi mphepo, kuti chingwecho chisaunjikane pamwamba pake. Mamita 30 atakwana ndinamanga, alamu n'kuika injini pa giya yobwerera m'mbuyo kwa mphindi ziwiri. Chingwe chinakungika n'kungoti njo, osanjenjemeranso.

Sitinagone nthawi yomweyo. Tinasankha zinthu ziwiri za kumtunda zimene zinali pamzere umodzi, nyali ija ndi msonga ya thanthwe, n'kumaziyang'ana. Zikapatukana ndiye kuti boti likuyenda. Tinakhala panja theka la ola titafunda bulangeti limodzi, ndipo sizinapatukane.

Tsiku lachiwiri tinawoloka kupita tsidya lina mphepo ili kumbuyo, matanga ali tambalale, ulendo wofewa wa maola atatu. Tinafika dzuwa likadalipo kuti tione pansi bwinobwino. Ndisanakhudze nangula ndinatulutsa pepala lija, ndinalemba kuya kwa nthawi imeneyo, ndinawonjeza mamita amene madzi anali oti akwerebe ndi mita ya mutu wa boti, kenako alamu anawerengeranso paokha. Tinazunguliranso malowo kamodzi kuona ngati boti silikagunda kanthu mphepo ikatembenuka, pakuti chingwe chachitali chimafuna bwalo lalikulu.

Usiku umenewo ndinadzukabe kawiri kukagwira chingwe. Chinali chozizira, chokungika, chili phee. M'mawa mwake pomuzula nangula tinachita kuthandizana awiri, atalowa mumchenga mpaka m'khosi.