Mlamba wa magetsi

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, usipa ndi chambo zili pakhomo, ndiye pa nkhani ya nsomba sindinkafuna wina azindiuza zochita. Matama amenewa ndinatsika nawo mpaka ku Chiromo, kwawo kwa mayi a kunyumba, kumene Ruo amathira mu Shire.

M'mawa wa tsiku lachiwiri alamu anga anati tikawonjole miono ku dambo la Elephant Marsh. Tisanafike n'komwe, ine ndinali nditatsegula kale sukulu m'bwatomo.

Mono woyamba utavuuka ndinafuula, "Chambo icho!"

"Mphende imeneyo, alamu," anatero osandiyang'ana. "Chambo munachisiya kumtunda. Zakuno n'za ku Zambezi, mathithi a Kapichira sizikwera."

Ndinameza malovu. Atatchula mcheni ndinadzukanso, poti umenewo ndiye ndaudya kuyambira ndili mwana. Koma chomwe anandionetsa sichinali mcheni wathu wa kunyanja uja. Ichi chinali chamizeremizere, mchira wofiirira, mano ngati misomali, oonekera ngakhale chitatseka pakamwa. Amati chimakonda pamene madzi akuthamanga, ndipo chala sachisewera nacho. Kenaka kunatuluka nkhonokono, kansomba kaminga kolira ngati chitseko chadzimbiri. Za dowe, yemwe amati madzi akaphwa amadzikwirira m'matope n'kumapuma mpweya mpaka mvula ibwere, ndinangoti n'nthano za anthu a kuchigwa. Pano ndikudziwa kuti n'zoona, koma tsikulo mutu unali utauma.

Ndinkangofuna nsomba imodzi yokha yoti ibweze ulemu wanga. Mono wachinayi unandipatsa mwayi. Munali chinsomba chandevu, chonenepa ngati mtondo, chamadonthomadontho, timaso ting'onoting'ono.

"Uyu ndiye musandiuze, ndi mlamba!"

"Alamu, taonani kaye pamsanapo..."

Ankatanthauza kuti mlamba uli ndi chipsepse chachitali kutsika msana wonse, pomwe ichi msana unali see, kupatula kachipsepse kamnofu kufupi ndi mchira. Ine mawu amenewo sindinawadikire. Ndinapisa manja onse awiri, n'kuchigwira pamimba ngati mwana wakhanda.

Abale inu. Ndinamva ngati wina wandimenya ndi musi m'zigongono zonse ziwiri nthawi imodzi. Mano anagundana, maso anaona nyenyezi dzuwa lili phwee, ndipo ndinaitana amayi anga omwe ali ku Nkhotakota. Pobwerera m'mbuyo ndinaphonya bwato, khuvuu m'madzi! Ndili m'menemo ndinakumbukira kuti dambo limeneli ndi mudzi wa ng'ona ndi mvuu. Mmene ndinakwereranso bwatolo, ngakhale alamu mpaka lero amati sanaone.

"Dzina lake ndi nyesi," anatero misozi ili mbwembwembwe ndi phwete. "Imabisala m'mayenje ndi m'mizu masana, usiku n'kumasaka. Tinsomba imatikomola ndi moto womwe mwalawawo."

Patapata mmodzi anatsala m'thope. Ndinawachonderera kuti nkhaniyi ithere m'bwato momwemo, iwo n'kulumbira. Koma pofika kumudzi ndinapeza ana akundithawa, ati ndikawakhudza ndiwagwiritsa shoko.

Madzulo tikudya nsima ya mphende, kamwana kanabwera n'kugwada patsogolo panga, m'manja muli kafoni kamabatani.

"Akuti agogo, popeza mwabwera ndi magetsi, muwaikireko pang'ono. Yazima dzana."