Thabwa limapuma, aphunzitsi

Loweruka usiku, ku Ulongué.

Lero ndinadzuka 5 koloko isanakwane. Si khama ayi, koma chisanu cha mwezi wa Juni kuno ku Angónia sichinyengerera munthu bulangete likangotsetsereka. Pabalaza pali mulu wa mapepala a mayeso a ophunzira anga a chaka chachiwiri, onse 63, ndipo malikisi akufunika Lachiwiri. Ndinawayang'ana mapepalawo, ndinamwa tiyi, kenako ndinavala chijuzi chakale n'kuzembera kuseri kwa nyumba kumene kuli kashedi kanga.

Kumeneko ndiye ndinakakumana nazo. Tebulo lija ndakhala ndikulimbana nalo masabata atatu, limene ndinalonjeza mayi a kunyumba kuti mwana azilemberapo ntchito ya kusukulu, lapindika pamwamba ngati lichero. Matabwa anayi a paini amene ndinawalumikiza ndi guluu asiyana pakati, mng'alu wake woti ndalama yachitsulo ya 10 meticais inalowa osakakamiza. Ndinayesadi, inalowa.

Zopala matabwazi ndinaziyamba zaka ziwiri zapitazo chifukwa chotopa. Ntchito ya ku yunivesite ilibe tsiku loti unene kuti yatha. Ukatumiza pepala la kafukufuku umadikira miyezi, likabwera amati konzanso. Wophunzira ukamuwongolera mutu woyamba, wachitatu wasokonekera. Ndinkafuna chinthu choti ndikachimaliza ndichikhalire. Choyamba chinali kampando, kamatsimphina mpaka lero, koma ndimakhalapo.

Ndinazula misomali, kumanga matabwawo panjinga, ulendo wa kwa madala. Kumsika malole anali atayamba kale kupakira matumba a mbatata ya kachewere, ndipo anyamata onyamula anandiseka poona mphunzitsi akukankha njinga ngati wogulitsa nkhuni.

Madalawa ndi kalipentala wakale, shedi yawo ili kuseri kwa msika. Amati ntchito anaiphunzira ali mnyamata ku mishoni ya ku Lifidzi, nkhondo itavuta anathawira ku Dedza, n'kudzabwerera mtendere wa mu 1992 utasainidwa. N'chifukwa chake chida chilichonse ali nacho ndi mayina awiri. Akakhala bwino amati sowo, puleni, tchizulo, monga anazolowerera ku Malawi. Akapsa mtima zimasanduka serrote, plaina, formão. Lero ndinamva Chipwitikizi chambiri.

Sanafunse kalikonse poyamba. Ananyamula thabwa limodzi, kuliyesa kulemera m'manja, kuligogoda ndi nkhonya, kenako kuligunditsa patsaya ngati mayi woyesa kutentha kwa mwana.

"Aphunzitsi, munagula liti matabwawa?"

"Mu Epulo, madala. Kwa ocheka."

"Atangocheka?"

"Atangocheka."

"Ndiye mumafuna atani? Thabwa limapuma, aphunzitsi. Inu munalimanga manja ndi miyendo lili ndi madzi m'mimba."

Anatembenuza matabwawo kuti ndione kumapeto kwake, pamene pamaoneka mizere ya zaka za mtengo. Onse anayi ndinawaika mizere yoyang'ana mbali imodzi. Thabwa likamauma mizere ija imafuna kuwongoka, ndiye onse anakokera kumodzi, n'kupanga lichero lija. Akanakhala osinthanasinthana, lina chagada lina chafufumimba, akanalimbana okhaokha ndipo pamwamba pakanangokhala timafunde toti puleni n'kuchotsa. Kuwonjezera apo ndinawakhomera misomali pa felemu mothinitsa, osawasiyira poyendera. Mtengo utasowa kolowera, unang'amba pa guluu.

Chondiwawa n'chakuti zonsezi ndimazidziwa. Ndikhoza kuima pa bolodi n'kufotokoza kuti thabwa silifupika kwenikweni m'litali koma m'lifupi, ndiponso kuti kutsata mizere limanyala pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi kudutsa mizere. Ku labu dothi timaliumitsa mu uvuni pa madigiri 105 mpaka kulemera kwake kutasiya kusintha, ndipo wophunzira akathamangira sikelo nthawi isanakwane ndimamubweza kuti akayambirenso. Koma ine mwini thabwa lonyowa ndinalinyamula, kulipala, kuona zopalidwa zikumata pa puleni, osazindikira kanthu. Ndinkaganiza kuti ndi utomoni chabe.

Pofuna kubisa manyazi ndinati mwina vuto ndi paini, bwanji ndikanagula mlombwa, poti uja suyendayenda ukauma ndiponso chiswe chimauopa. Madala anaseka mpaka kutsokomola. Anati munthu amene sanathe kukwera bulu asapemphe hatchi, komanso mtengo wa thabwa limodzi la mlombwa lero ndikanaumva ndikanakhala pansi. Apa tinachedwapo, chifukwa nkhani ya mlombwa ikayamba madala saimaliza msanga. Amakumbukira nthawi imene zitseko ndi mabenchi a tchalitchi zinali za mlombwa wokhawokha, umene Apwitikizi amati umbila, mtengo woti ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi. Amakumbukiranso malole a zipika akutsika usiku ndi usana kulowera ku doko la Beira. Ine, mwa chizolowezi changa cha m'kalasi, ndinayamba kuwauza kuti boma la Mozambique linaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka kuyambira mu 2017, ndipo mu 2022 ku Panama msonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, unaika mlombwa, mbawa ndi mtengo uja pa Chipwitikizi amati chanfuta pa mndandanda wa mitengo yosadutsa malire popanda chilolezo. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anati, "Mapepala anuwo anafika mitengo itapita kale." Sindinatsutse.

Mankhwala a tebulo langa ndi kudikira. Ndicheke polumikiza ponse, matabwa ndiwasanje pamthunzi pamalo podutsa mphepo, timitengo tofanana pakati pawo, miyala pamwamba, ndisawakhudze mpaka Seputembala. Podzamanganso ndigwiritse masikuluwu, mabowo ake akhale otalikirako kuti thabwa lizitha kusuntha nyengo ikasintha. Seputembala! Mayi a kunyumba ndinawauza kuti tebulo likhala litatha Juni asanathe.

Poti ndinali nditafika kale, anandipatsa timatabwa tiwiri kuti ndiyeserere kulumikiza popanda msomali, lina kulibowola lina kulisongola lilime loti lilowemo. Koma asanandilole kugwira thabwa, tchizulo kaye. Theka la ola lonse ndili pa mwala wonolera, dontho la oyilo, kukankha ndi kubweza, iwo akundigwira chigongono kuti chisakwere. Poyesa ngati yathwa amameta ubweya wa pamkono. Mkono wawo wamanzere ndi wosalala ngati wa mwana.

Ndili pakati pogoba, zopalidwa zili m'tsitsi, madala akukalipa kuti "formão sagwira ngati khasu," ndinamva mawu pakhomo: "Bom dia, senhor docente." Mmodzi wa ophunzira anga, wabwera kudzatenga mpando wa amayi ake umene unathyoka mwendo. Anaima pamenepo manja kumbuyo, maso akuyesetsa kuyang'ana kudenga. Madala, amene amadziwa bwino kuti kwathu kuno timachonga pa 20 ndipo kukhoza kumayambira pa 10, anatenga ntchito yanga, kuilumikiza, kuigwedeza. Inalira kwetekwete. Anaikweza kudzuwa, kuwala kunadutsa.

"Iyi ndi 9, aphunzitsi. Mubwerenso."

Mnyamata uja anatuluka mothamanga mpando uli pamutu, mapewa akugwedezeka. Lolemba kalasi yonse ikhala itamva. Kunena zoona 9 anandikomera mtima, ine ndikanapereka 7.

Potsanzikana anandiponyera kachidutswa ka mlombwa kotalika ngati chikhatho, kotsala pa chitseko china chakale. Anati ndisakapange kanthu, ndizingokapala pang'ono ndikafuna kudziwa mmene thabwa louma limamvekera. Ndakayesa madzulo ano. Puleni imayenda mwakachetechete, chopalidwa chimatuluka chopiringizika, chofiirira, ndi kafungo kokoma kamene paini alibe.

Matabwa ndasanja kukhonde la kuseri, miyala isanu pamwamba. Mayi a kunyumba atamva za Seputembala sanayankhe, anangoyang'ana mwana amene amalemba atagwada pa mkeka, buku lili pa kampando kotsimphina kaja. Mapepala ndachonga 17, chala chapakati chili ndi thuza ndiye cholembera ndikugwira mwachilendo. Ndisanakhale pansi ndinadula kachidutswa ka paini uja n'kukayeza pa sikelo ya kukhitchini, magalamu 412, ndalemba ndi pensulo pomwepo pamodzi ndi tsiku. Ndizikayeza Loweruka lililonse mpaka nambala itaima. Sikeloyo mayi a kunyumba andiuza kuti ibwerere pamalo pake mawa kusanache, ndipo ndiipukute utuchi, chifukwa pali zophika za kutchalitchi.