Fowilo yanga inatulutsidwa m'matope ndi ng'ombe za apongozi

Mndandanda ndinaulemba kuseri kwa kope la masamu la mwana wanga. Ndinadula mzere pakati: kumanzere ubwino wa galimoto zazikulu zija timati SUV, kumanja kuipa kwake. Kumanzere kunadzaza msanga. Ndi yotalika kuchokera pansi, ndiye mahampu a mu Lilongwe sadzaikanda kumimba ngati mmene ankachitira ndi ka Vitz kanga. Maenje a mumsewu idzangowaponda. M'buti mumalowa matumba. Ukakhala pampando umaona patali. Chachisanu sindinalembe, koma ndicho chinali chachikulu: mlonda wa pageti pa ntchito, amene kwa zaka zinayi ankandifunsabe kuti ndikufuna ndani, adzayamba kundichitira sawasha.

Kumanja ndinalembako liwu limodzi lokha: mafuta.

Mayi a kunyumba ataona, anandilanda cholembera. Iwo ndi aja amasunga malisiti m'chitini cha mkaka, ndiye anabwera ndi manambala. Vitz yathu inali ya injini ya 1,000cc, thanki ya malita 42, ndipo m'tauni inkayenda makilomita pafupifupi 16 pa lita. Toyota Harrier yomwe ndinkaisirira inali ya 2,400cc, thanki ya malita 72, ndipo mwini wake atapanikizidwa anavomera kuti m'tauni imayenda makilomita 8 pa lita, kukakhala kuti simunayatse eyakoni. Ife pamwezi timayenda makilomita 600. Uku malita 38, uku malita 75. Anaonjezera matayala: a Vitz ndi 165/70R14, a Harrier ndi 225/65R17, ndipo limodzi la Harrier mtengo wake unali wa matayala awiri a Vitz ndi chenji chapamwamba. Oyilo pa sevisi, malita atatu asanduka anayi ndi kanthu. Galimoto yolemera tani imodzi ndi theka kuposerapo imadya mabuleki, mashoka ndi mabushi mwachangu kuposa ya tani imodzi. Mukati muitanitse ina kuchokera ku Japan, msonkho wa MRA umakwera potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Pansi penipeni analemba ndi zilembo zazikulu: ACHIBALE.

"Achibale atani?" ndinafunsa.

"Bambo, mukafika kumudzi ndi chimenechi, ndani adzakhulupirira kuti mulibe ndalama?"

Ndinawayankha ndi mfundo imodzi yomwe inagwetsa zawo zonse. Ndinati kwanu kuja nthawi ya dzinja sikufikika, chaka chilichonse feteleza wa bambo timamutsitsira pa Namitete n'kumapempha ngolo, koma ndi fowilo tidzafika mpaka pakhonde. Anakhala chete. Ndinaganiza kuti ndapambana.

Galimotoyo ndinaigula kwa bambo wina wa mumzinda momwemu. Ndinaona zonse zimene munthu wodziwa amaona, kapena ndinkatero mumtima. Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo, ndinatsegula chotsekera oyilo kuona ngati kulibe thovu loyera, ndinamvetsera injini ili yozizira, ndinapinda chiwongolero mpaka kumapeto n'kuyenda pang'ono kuti ndimve ngati ma CV joint, mfundo zopititsa mphamvu ku matayala, akugogoda. Kumbuyo, pambali pa nambala, kunali zilembo zonyezimira: 4WD. Ndinazisisita ndi chala. Chomwe sindinachite ndi chimodzi: ndinali nditavala thalauzi loyera, ndiye sindinagwade kusuzumira pansi.

Miyezi itatu yoyamba mlonda anachitadi sawasha. Mafuta atasowa, ndinagona pamzere usiku wonse m'galimoto ya mipando yabwino kwambiri pamzere wonsewo, kenako anandithirira malita 20 okha ndipo singano inangosuntha ngati ikuchita manyazi. Maliro atatu a m'dera lathu, onse ananditchula kuti ndine wonyamula azimayi a kumpingo.

Mwezi wa Januwale, Loweruka, mvula itagwa usiku wonse, tinanyamuka. M'buti ndinaikamo matumba anayi a Urea a makilogalamu 50, ndi thumba la shuga pamwamba. Pampando wa kumbuyo panali alamu anga ndi ana awiri. Pa Namitete tinasiya tara, ndipo anyamata a kabaza anatikodola kuti kudambo kuja sikukudutsika. Ndinatsitsa galasi pang'ono, ndinawaloza kumbuyo ndi chala chachikulu.

"Fowilo iyi, achimwene."

Dambo lakelo ndi la makande, dothi lakuda lija likauma limang'ambika, likanyowa limaterera ngati therere. Msewu umatsika, pansi pali matope a mamita ngati 20, kenako umakwera kamtunda. Kutsika kunayenda bwino. Pakati tinadutsa tikugwedezeka. Titangoyamba kukwera, galimoto inaima, injini ikulira. Apa ndinachita chimene munthu aliyense wopanda nzeru amachita: ndinaponda mafuta mpaka pansi. Matope anauluka mpaka padenga. Ndinaika R, giya yobwerera m'mbuyo, ndinaponda. Ndinabwezera D, yopita kutsogolo, ndinaponda. Kasanu konse. Kenako kunabwera kafungo kopsa, ndipo nditatsegula chitseko, chinakhula matope. Galimoto yotalika ija inali itakhala pansi ndi mimba ngati nkhuku yofungatira.

Anthu sachedwa. Pasanathe mphindi khumi panali ana osawerengeka, amayi ochokera kumunda makasu ali paphewa, ndi mkulu wina amene anabwera ndi kampando kake. Bambo wina anadutsa pambali panjinga, atanyamula mbuzi, n'kutipatsa moni mwaulemu wonse.

Anyamata anati abweretsa ng'ombe. Ine ndinavomera, ndipo ndinawasiya amange okha chingwe, poti ndinali kalikiliki kupukuta nsapato ndi udzu. Iwo anachipisa pa timabowo ta pansi pa bampa. Bampa wa galimoto zimenezi ndi pulasitiki wogwidwa ndi timapini ndi mabawuti ochepa, ntchito yake ndi kukongoletsa. Ng'ombe zitakoka, kunamveka phwaa, ndipo tonse tinaona ng'ombe ziwiri zikukwera mtunda mosavutika, zikukoka bampa, nambala ya galimoto ili pompo. Mwana wanga wamng'ono anawomba m'manja.

Ng'ombezo zinali za apongozi anga. Eni ake anafika pambuyo pake, atavala majombo, akuyenda mosafulumira. Bambowa anayendetsa lole zaka zambiri, kunyamula fodya kupita naye ku okushoni ku Kanengo, ndipo misewu ya matope anaidziwa ine ndisanabadwe. Ndinanyonyomala m'matope momwemo kuwalonjera. Anayankha, anafunsa za ana, anafunsa za ulendo ngati sakuuona. Kenako anazungulira galimoto kamodzi.

"Akamwini, taponderani pang'ono tione."

Ndinaponda. Tayala lakutsogolo lakumanja linazungulira lokha. Lakumanzere lili duu. Akumbuyo onse awiri ali duu, oyera bwino m'mbali, ngati alendo.

Apongozi anapempha khasu, anakumba pang'ono pambali, anayala thumba, n'kugona chammbali kusuzumira pansi. Anakhalako nthawi. Atadzuka anadzisasa, ndipo analankhula motsitsa mawu kuti anthu asamve, koma anthu anali atasendera kale.

"Akamwini, chitsulo chopita kumbuyo chija munachisiya kunyumba?"

Sindinamve. Anandifotokozera ngati mwana wa sitandade wani. Galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imakhala ndi chitsulo chachitali chozungulira, propshaft, chochoka ku giyabokosi kutsata pakati pa mimba mpaka kumbuyo. Kumbuyoko chimalowa mu difu, chibumu chachitsulo chokhala ngati dzungu, ndipo kuchoka pa difupo pamakhala timikono tiwiri topita ku matayala. Pansi pa galimoto yanga panali paipi ya utsi basi. Kumbuyo kunalibe dzungu lililonse. Anandiuza nditulutse blue book. Nambala ya chasisi inayamba ndi ACU30. Ya matayala anayi imayamba ndi ACU35. Thupi limodzi, magetsi amodzi, mipando imodzimodzi, kusiyana nambala imodzi yokha. Pambuyo pake makaniko wanga ku Biwi anandiuza kuti nkhaniyi si ya Harrier yokha: Nissan X-Trail ya T31 ndi yokoka kutsogolo pomwe NT31 ndi ya anayi, RAV4 ya ACA36 ndi yakutsogolo pomwe ACA31 ndi ya anayi. Zilembo zonyezimira zija, anatero, amagulitsa pa shopu ya zokongoletsa galimoto, zomata kale guluu kumbuyo.

Alamu anga anali atagwira mimba, atatsamira mtengo.

"Alamu, ndiye kuti mwagula Vitz yonenepa!"

Apongozi sanaseke. Anati vuto loyamba ndi katundu. Galimoto yokoka ndi kutsogolo imadalira kulemera kwa injini kuti matayala akutsogolo agwire pansi. Ine ndinaika makilogalamu 200 kuseri kwa matayala akumbuyo, kuonjezapo anthu atatu, ndiye mphuno inanyamuka. Pokwera mtunda kulemera kumathawiranso kumbuyo. Chachiwiri, kutsogolo nakonso kuli difu, ndipo difu wamba amapereka mphamvu ku tayala lomwe likuterera, n'chifukwa chake limodzi linkavina linzake likuonerera. Chachitatu, matayala anga anali a pa tara, a mizere yosaya. Makande akalowa m'mizeremo tayala limasalala ngati la njinga yakale. Ndipo chachinayi, anandiyang'ana, ndi phazi. Tayala likangoyamba kuzungulira pamalo amodzi, chotsani phazi. Kuzungulira kulikonse ndi khasu, mukudzikumbira nokha. Kusinthasintha D ndi R injini ikulira kumawiritsa oyilo wa giyabokosi, ndilo fungo lija.

Ntchito inayamba, iwo akulamula, ine ndikunyamula. Matumba onse anayi anatsika, ndipo limodzi ndinalisenza ndekha pamutu apongozi aakazi akuona patali, atatembenukira kumbali mwaulemu, mapewa akugwedezeka. Anthu onse anatsika. Jeke payekha m'matope amangomira, ndiye anabweretsa thabwa la pangolo n'kuika pansi pake. Tinakweza mbali imodzi, tinadzaza dzenje la tayala ndi zidutswa za njerwa ndi nthambi zoyala mopingasa, tinatsitsa, tinachita chimodzimodzi mbali inayo. Anyamata anapala matope a pansi pa mimba mpaka kuwala kunaoneka mbali ina, chifukwa galimoto ikakhala pamimba, ngakhale mutakoka bwanji mukungokoka dambo lonse. Kenako apongozi anatenga kamtengo ka machesi n'kutulutsa mpweya m'matayala akutsogolo. Anali pa 32. Anati afike cha pa 20, tayala lifutukuke pansi kuti ligwire malo aakulu, koma osapitirira, lingavuke pa rimu.

Za chingwe anafunsa funso limodzi: chokokera chili kuti? Galimoto iliyonse ili ndi malo ake omangapo, olumikizana ndi chitsulo cha thupi. Zina zili ndi ngowe yowotcherera pansi, zina zili ndi chibawuti cha mphete chomwe chimakhala m'buti pamodzi ndi jeke, chopotokolera pa kabowo ka kutsogolo. Osamanga pa bampa, osamanga pa tie rod, kachitsulo kokhotetsa tayala, kapena pa mkono wa tayala, zimapindika ndipo galimoto imatuluka matayala akuyang'anana. Popeza bampa anali atachoka kale, malo omangapo sanavute kupeza. Pakati pa chingwe anayalapo thumba lonyowa, kuti chikaduka chigwe pansi m'malo mokwapula munthu, ndipo anathamangitsa ana onse.

"Giya yotsika, chiwongolero chiwongoke, phazi ngati mukuponda dzira. Ng'ombe zikayamba, inu muzingozithandiza."

Mnyamata analiza mluzu, ng'ombe zinaweramitsa mitu, goli linalira, ndipo galimoto inatuluka pang'onopang'ono, njerwa zikuphwanyika pansi. Amayi analuluta. Mkulu wa kampando uja ananyamula kampando kake n'kumapita. Feteleza anafika pakhonde pangolo, monga zaka zonse, bampa ali pamwamba pa matumba.

Madzulo tikudya, apongozi anati ndisadandaule kwambiri. Ngakhale ndikanapeza ACU35 yeniyeni, ndi matayala amenewo ndi phazi limenelo ndikanangotitimira patsogolo pang'ono. Galimoto zotere, anati, n'zabwino pa msewu wafumbi, pa maenje ndi pa mvula ya pa tara, koma zilibe giya ya mphamvu ija yolembedwa 4L imene ili mu Land Cruiser, Prado kapena Hilux ya fowilo. Ofuna kudutsa dambo m'dzinja ayambe aona 4L, kenako matayala a mano, kenako afunse eni dera ngati n'kodutsika. Anandifunsa kuti kumudziko ndimabwera kangati nthawi ya mvula. Ndinati kawiri. Anawerenga ndi zala malita 37 oonjezera mwezi uliwonse, miyezi 12, n'kufunsa kuti ngolo amalipiritsa zingati kuchokera pa Namitete. Mayi a kunyumba anaika ndiwo ina m'mbale yanga osanena kanthu, zomwe zinandipweteka kuposa mawu.

Pobwerera tinazungulira njira ya kumtunda, ndikuyenda pang'onopang'ono mpaka pamalo opopera matayala. Bampa tinamumanga ndi linya ndi mawaya. Ku Biwi anandigulitsa timapini tatsopano, anawotcherera pulasitiki yong'ambika, anasintha oyilo wa giyabokosi amene anali atada ngati khofi, ndipo anachotsa makande okwana ndowa ziwiri m'marimu, omwe ankagwedeza chiwongolero ndikafika pa 80. Ndi pomwepo pamene ndinaona kuti kumbuyo kwatsala guluu yekha, zilembo zija palibe.

Ndinazipeza pa Isitala. Alamu anazimata kumbuyo kwa ngolo ya apongozi, pakati penipeni, ndipo wina anafufuta 4 uja ndi utoto n'kulembapo 8, powerenga miyendo ya ng'ombe.