Zikomo nonse, ntchito ya Guzmán ija yatheka

Abale ndi anzanga, akuluakulu a sukulu avomereza kafukufuku wanga wokhudza moyo wa Martín Luis Guzmán, wolemba mabuku wa ku Mexico, ndipo digiri ija ndaitenga. Ambuye alemekezeke.

Amayi, ndalama za sukulu zitaduka pakati pa chaka munagulitsa mbuzi zanu osandiuza. Ndinamvera kwa achemwali. Achimwene ku Johannesburg, mwezi uliwonse munkatumiza kangachepe chonsecho inunso muli ndi ana asukulu. Ndikusowa chokubwezerani.

Kenako aphunzitsi amene ankandiyang'anira kuno ku Mexico City, amene tinalimbana nawo kwambiri. Guzmán ndi munthu wosavuta kumukonda ukamawerenga zaka zake zoyamba. Anabadwira ku Chihuahua mu 1887, analowa nawo nkhondo youkira boma n'kukhala pafupi ndi Pancho Villa, mmodzi wa atsogoleri a nkhondoyo, ndipo ndale zitamutembenukira anathawira ku Spain mpaka 1936. Ali komweko analemba La sombra del caudillo, buku la mu 1929 lomwe gwero lake ndi kuphedwa kwa General Francisco Serrano ku Huitzilac mu 1927, atangofuna kupikisana nawo pa upulezidenti. Bukuli linawawa anthu olamulira moti filimu yake ya mu 1960 inatsekeredwa mpaka 1990.

Koma munthu yemweyo, atabwerera kwawo n'kuyambitsa magazini ya Tiempo mu 1942, anayamba kudyera mbale imodzi ndi boma. Asilikali atawombera ophunzira ochita zionetsero ku Tlatelolco, mu Mexico City, pa 2 Okutobala 1968, iye anaikira kumbuyo pulezidenti Gustavo Díaz Ordaz, ndipo mu 1970 anakhala seneta. Mutu umenewu unkandilemera, ndinkaulemba mozemba. Aphunzitsi ankangoubweza ndi inki yofiira mpaka ndinaulemba wonse. Ndinapita kukawadandaulira kuti nthawi yatha, iwo n'kundiwonjezeranso ntchito: ndilembe bwino za bungwe la mabuku aulere a ana a pulayimale, lomwe Guzmán analitsogolera kuyambira 1959, nthawi ya pulezidenti Adolfo López Mateos, mpaka pomwe anamwalira mu 1976. Ana a anthu osauka analandira mabuku kudzera mwa munthu amene sanalankhulire ana ophedwa aja. Mutu umenewo ndi umene oyesa mayeso anaukonda kuposa ina yonse. Zikomo aphunzitsi, ngakhale masiku amenewo sindinkakuonani bwino.

Ogwira ntchito kumalo osungira nyuzipepala zakale, munanditulutsira mitolo ya Tiempo mosanyinyirika, Chisipanishi changa chili chopunduka. Mayi a nyumba imene ndimakhala, munandidikira lendi komanso kundiphikira msuzi nditadwala m'nyengo yozizira. Ufa wanu wa chimanga nsima yake simagwira bwino, koma unandisunga.

Anzanga a pagulu la WhatsApp amene munkafunsa kuti za ku Mexico zindipatsa ntchito yanji, funso lanu likadalipo, tikakambirana ndikafika. Ndikubwera mwezi wamawa. Amene akufuna kuwerenga andilembere, ndimutumizira.