Tsiku limene ndinasanduka loboti

Mlandu wonsewu ndimausenzetsa mnyamata wa pamsika kwathu ku Area 25, uja amaika mafilimu mu fulashi. Ine ndinapita kukafuna nyimbo za kwaya zimene mayi a kunyumba anandituma, iye n'kundinong'oneza kuti, "Bigi, kwatuluka sizoni ina yoopsa. Za m'mlengalenga. Maloboti, zombo, zilombo za kudziko lina, yomasulira kale m'Chichewa. Simugona." Pa mawu omalizawo sananame. Za kwaya ndinaziiwalira pomwepo.

Zinthu zoterezi ndinazikonda kalekale, nthawi ija tinkapanikizana pa mabenchi a matabwa m'nyumba zoonetsera vidiyo, thukuta la mnzako likukudonthera paphewa. M'menemo ndi mmene ndinaonera filimu ina ya 1989 imene inatilonjeza kuti pofika 2015 magalimoto azidzauluka. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Chaka cha 2015 chinabwera, chinapita, ine ndikadali pa mzere wa pa Kanengo kumbuyo kwa lole ya fodya, kumeza utsi. Chokhacho chimene ndachionapo chikuuluka pa M1 ndi kondakitala, minibasi ikanyamuka iye phazi limodzi lili pansi.

Sizoniyo inali ya magawo 10. Gawo loyamba linandigwira pakhosi. Kaputeni wa chombo, bambo wosalankhulalankhula, anaima pakati, n'kukweza dzanja limodzi lokha, zombo zankhaninkhani n'kufola mwaulemu ngati ana a sukulu pa asembule. Popanda hutala, popanda wotukwana mnzake. Ndinadziuza kuti munthu uyu akanakhala ku Lilongwe, bwenzi tonse tikufika kuntchito nthawi yabwino.

Kuyambira gawo lachiwiri kunali misonkhano. Anthu ali ndi chombo chothamanga kuposa kuwala, koma angozungulira tebulo kukambirana za amene anakhumudwitsa mnzake, ngati komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Chimene chinkasowa ndi alawansi ndi botolo la Fanta basi. Loboti imene ndinkayembekeza kuti ithyola zitseko inagwa m'chikondi, n'kumangoyang'ana pawindo ikudandaula. Chilombo chakudziko lina chinatulukira pa gawo 8, ndipo chinali munthu wamba wopakidwa penti pachipumi ndi makutu omata. Mwana wakwathu amene anathamangitsidwapo ndi gule kudambwe sangachite nacho mantha chimenecho. Ngakhale womasulira uja anatopa, anasiya kumasulira n'kuyamba kupereka moni kwa anzake a ku Mchesi ndi kutsatsa shopu yake.

Koma munthu ukadya nsima mpaka pakati sutaya mbale. Ndinapirira. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, gawo lomaliza, chitseko chachikulu chinayamba kutseguka, kuwala kunatuluka, kaputeni anakweza dzanja lija, ine ndinaimirira pa mpando. Kenako mayina a osewera anayamba kukwera. Basi. Ndinatembenuza fulashi, ndinaiuzira, ndinaibwezeramo. Mayina omwewo.

Mayi a kunyumba anandidzutsa 6 koloko. "Abambo ake, mwaiwala kuti amayi akufika lero kuchokera ku Ntcheu? Mukawatenge ku depoti." Sindinaiwale, ndinali nditabwereka kale kagalimoto ka alamu anga dzulo lake. Pondipatsa makiyi anandichenjeza kawiri konse kuti, "Alamu, batire yatopa. Musazimitse injini pokhapokha mwaima potsetsereka." Ndinavomera ngati munthu wamva.

Mpaka pa Area 18 zinthu zinayenda. Msewu wodutsa pamwamba pa unzake uja ndi malo okhawo mu mzinda muno amene ndimamva ngati tsogolo la m'filimu linayesako kufika kuno. Ukangotsika, tsogolo limabwerera kwawo. Ndikuyandikira Old Town ndinapeza maloboti ena atafa, maso onse atatu ali bii.

Apa mpamene pamandipweteka. Azungu akati loboti akunena chinthu choyenda, cholankhula, chogwa m'chikondi kumene. Ife tikati loboti tikunena mtengo wachitsulo wa maso atatu umene ntchito yake ndi imodzi yokha, ndipo magetsi akathima nawonso umagona. Ukagona, lamulo la pamsewu limakhala loti wamphuno yaitali ndiye ayambe. Mbali zonse zinayi zinali zitalowetsa mphuno pakati. Minibasi zinatsegula msewu wawo m'fumbi la m'mbali. Bwana wina wa galimoto yaikulu ya magalasi akuda anatsegula wachitatu, moyang'anizana ndi obwera, atayatsa mahazadi ngati ndiye chilolezo. A kabaza a njinga zamoto ankangolowa paliponse ngati usipa m'khoka lobooka. Osangalala anali ogulitsa nthochi ndi machaja okha, msika utawabwerera wokha.

Tinakhala mphindi 20 osasuntha. Tulo tili m'maso, mutu uli m'mlengalenga, ndinamukumbukira kaputeni. Ndinakumbukiranso kuti kubuti ndinaonako kajekete konyezimira, kali pamodzi ndi matrayango. Ndipo chifukwa petulo amene anali m'galimotomo alamu anamugonera pa mzere usiku wathunthu, ndinati ndisamuwononge pachabe. Ndinazimitsa injini, pamalo osalala ngati tebulo.

Ndinavala kajekete kaja, ndinayenda mpaka pakatikati, ndinakweza dzanja limodzi.

Abale anga, anaima. Lole yonse ya simenti inaima chifukwa cha dzanja langa ili, limene kunyumba silitha kuletsa ngakhale mwana kusintha tchanelo. Ndinabweza wa magalasi akuda, iye n'kubwereradi. Ndinakodola a mbali ya kumanja, anadutsa. Mayi wina anatsitsa galasi n'kufuula kuti, "Mulungu akudalitseni achimwene!" Ndinangogwedeza mutu pang'ono, osamwetulira, monga ankachitira kaputeni uja. Kwa mphindi zisanu ndinali munthu wofunika kwambiri mu Lilongwe yense.

Chimene mafilimu sanena n'chakuti ukaima pakati pa msewu, chilichonse chimene thupi lako lachita ndi lamulo. Ntchentche inatera pamphuno, ndinaiingitsa, mbali ya kumanzere yonse inanyamuka. Ndinayasamula n'kutseka pakamwa, a kutsogolo anaponda mabuleki, a kumbuyo kwawo anatsala pang'ono kuwapsompsona. Ndinayesa kukonza ndi manja awiri, wina kukodola wina kuletsa, kenako ndinaiwala kuti dzanja liti likulankhula ndi ndani. A kabaza sanandiwerengere kuyambira pachiyambi. Mmodzi anandidutsa pafupi mpaka thumba la makala limene ananyamula linandisiyira mzere wakuda pa thalauza, n'kunditembenukira kuti, "Madala, siteji yanu ndi iti?" Agogo ena a dengu la tomato anandigwira mkono kundifunsa kuti ku Kawale ndi zingati, njinga ndaimika pati.

Kondakitala wina anatsika, anandithamangira, n'kundifumbatitsa K500 yopindapinda. "Ya madzi bwana, mutiganizireko mbali ino." Ndisanatsegule pakamwa anali atabwerera. Ndinatsala nditaima ndi ndalama m'dzanja limene ndimayenera kuimitsira magalimoto, ndiye ndinkaimitsa ndi chibakera.

Koma vuto lenileni linali mzere umodzi umene sunkasuntha ngakhale ndikodole bwanji. Ena onse ankayesa kuuzemba, n'kumatsekereza anzawo, mfundo n'kumangika kuposa mmene ndinaipezera. Kutsogolo kwa mzerewo kunali kagalimoto kopanda munthu. Magazi anandiwira. "Mwini wake wa galimoto iyo ndani?" ndinakuwa. "Anthu ena laisensi munaipeza bwanji? Kusiya galimoto pakati pa msewu ngati pakhomo pa amanu!" Madalaivala anandithandiza kumutukwana munthuyo, ndipo ena anatchula zinthu zimene sindingalembe pano. Ine ndinkavomereza ndi mutu. Kagalimoto kobwereka sukadziwa nkhope ukakaonera kutsogolo.

Wapolisi wa trafiki anafika wapansi, mayi wamfupi, wosapupuluma. Sanandiyang'ane n'komwe. Analiza wezulo kawiri, analoza apa, analoza apo, anamuyang'ana wa magalasi akuda mpaka mahazadi anazima okha. Posakhalitsa mbali zitatu zinali zikuyenda. Kenako anabwera pamene ndinaima, anayang'ana kajekete, anayang'ana mzere wa makala, anayang'ana chibakera changa.

"Bambo, muli ndi ndani kuntchito kuno?"

"Ndimangothandiza, bwana."

"M'manjamo muli chiyani?"

Ndinafumbatula. K500 ija inadzitambasula yokha pang'onopang'ono ngati duwa.

Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Poti ndinu wothandiza, ndithandizeni kupeza mwini galimoto iyo."

Ndinatembenuka kuti ndikuwenso, ndipo mpamene ndinaona kolona wa alamu anga akulendewera pa galasi la m'kati. Ndinapisa m'thumba. Makiyi analira okha.

Sindikudziwa ngati munamvapo msewu wonse ukuseka. Hutala amene ankalira mokwiya anayamba kulira mwachimwemwe. Dalaivala wa lole ya simenti anagona pa chiwongolero. Ndinalowa m'galimoto, ndinapotokola kiyi, injini inangoti kwe, kwe, n'kukhala chete. Mawu a alamu anandibwerera onse, ndi kalankhulidwe kawo komwe. Wapolisi uja anapempha laisensi, anazungulira kukaona mapepala a inshuwalansi ndi COF pa galasi, anandilembera kapepala kanga kotsekereza msewu, n'kundiuza kuti kajekete ndivule ndisanapezeke ndi mlandu wina waukulu. Anyamata atatu oitanira minibasi anavomera kukankha. Mtengo wake anati K500, ndipo anadziwa kuti ndili nayo chifukwa anaiona.

Tikukankha chomwecho, ine dzanja lina pa chiwongolero phewa pa chitseko, minibasi ya ku Area 25 inaima pambali panga poyembekeza wezulo. Pawindo panali nkhope imene ndimaidziwa, duku la Mvano lili pamutu, nkhuku ili pamiyendo. Anatopa kudikira ku depoti. Kondakitala wake anali yemwe uja wa madzi, ndiye kuti anaonerera zonse kuyambira pa ntchentche.

Apongozi anga ndi munthu waulemu wachingoni, sayang'ana mkamwini m'maso. Anayang'ana nkhuku yawo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwadzuka bwanji apongozi? Pepanitu, sitinamve kuti ntchito ija inatha."

Ndisanayankhe, maloboti anayaka. Girini. Minibasi inapita.

Kunyumba ndinafika masana, nditapeza nkhani yafika kale ndipo yakhala pansi. Apongozi anali atalonjeza kale mwana wawo matumba awiri a chimanga kuti tidutsire nyengo yovutayi, ndipo anamulangiza kuti asandinyoze, ntchito ndi ntchito, bola munthu sakuba. Pa mawu akuti sakuba anatsokomola pang'ono. Mpaka lero ndikavala tayi m'mawa amandiyang'ana mwachisoni ngati munthu amene akuyesetsa kubisa.

Madzulo ake ndinapita kumsika, mtima uli m'mwamba, kuti mwina ndione chimene chinali kuseri kwa chitseko chija, tsiku lisapite lonse pachabe. Mnyamata uja anakanda m'mutu. "Sizoni 2 kulibe bigi. Eni ake anaisiyira pomwepo, akuti anthu sankaionera." Ndinakhala pa benchi yake kwa kanthawi osalankhula. Kenako anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Koma yabwera ina. Ya maloboti okhaokha."

Ndinamupatsa fulashi n'kumuuza kuti afufute zonse, aikemo kwaya.