Chifukwa chake inhaler ya buluu imayamba kufooka

Kuyambira Juni mpaka Okutobala, chisanu, fumbi ndi utsi wa tchire zimasautsa anthu a mphumu kuno ku Chipata. Ena amapopa salbutamol, mankhwala a mu inhaler ya buluu, kanayi kapena kasanu tsiku lililonse, kenako amadandaula kuti anagulitsidwa mankhwala abodza. Kawirikawiri mankhwalawo amakhala abwinobwino, koma maselo ndiwo asintha.

Timinofu tozungulira njira za mpweya tili ndi mapuloteni olandira uthenga otchedwa beta-2 receptor. Salbutamol akamamatirapo, receptor imadzutsa puloteni yopititsa uthenga yotchedwa G protein, kachinthu konyamula uthengawo kotchedwa cAMP kamachuluka m'selo, mnofu n'kumasuka. Koma receptor ikamangodzutsidwa osapuma, selo limadziteteza. M'mphindi zochepa puloteni yotchedwa GRK imamata fosifeti, ngati kachizindikiro, kumchira wa receptor, mbali ya m'kati mwa selo. Pamenepo pamadzakhala puloteni ina, beta-arrestin, amene amatchinga G protein, kenako n'kukokera receptor yonseyo m'kati, m'kathumba. Mankhwala akatha, fosifeti amachotsedwa ndipo receptor imabwerera pamalo pake. Vuto limakula zikapitirira masiku: ma receptor ena amaphwanyidwa mu lysosome, kathumba kogaya zinthu m'selo, ndipo selo limachepetsa kupanga atsopano. Pamenepo kuchira kumatenga masiku. Robert Lefkowitz, amene labu yake inafufuza zambiri mwa izi, analandira mphoto ya Nobel mu 2012 pamodzi ndi Brian Kobilka.

Kupopa tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri n'kokwanira kuyambitsa zimenezi. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti chimene chimayamba kutha ndi chitetezo chomwe mankhwalawa amapereka ku njira za mpweya, moti kautsi kochepa ka mbaula kamatseka chifuwa msanga kuposa kale. Kutupa kwa njira za mpweya nako kumangopitirira, poti salbutamol sakuchiza. Inhaler imodzi imakhala ndi mapafu 200 a mamaikirogalamu 100, ndipo amene amatsiriza ma inhaler atatu kapena kuposa pa chaka ali pa chiopsezo chachikulu chobanika koopsa. N'chifukwa chake kuyambira 2019 bungwe la GINA, loona za mphumu padziko lonse, linasiya kulangiza akuluakulu kudalira salbutamol yekha.

Pitani ku chipatala mukafunse za inhaler ya steroid monga beclomethasone. Imachepetsa kutupa, imathandizanso selo kupanga ma receptor atsopano, koma ndi yopopa tsiku lililonse ngakhale mukumva bwino, n'kuchukucha m'kamwa mukatha. Ndipo mukabanika musaumire salbutamol poopa zomwe ndafotokozazi. Popani kudzera mu spacer, kachipangizo kolumikiza inhaler ndi kamwa, ngakhale ya botolo la pulasitiki la 500 ml, muli paulendo wa ku chipatala.