Thupi lili phee, mtima uli kalikiliki

Ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo ambiri amene amabwera kwa ine ndi anthu a BP kapena amene adadwalapo mtima. Sabata yathayi inathera pa masewera amtundu umodzi, otchedwa isometric. Munthu amalimbitsa mnofu koma chiwalo osasuntha: kufinya chinthu m'manja osachitaya, kapena kutsamira khoma maondo atapinda ngati wakhala pampando pomwe mpando palibe. Woonerera amaganiza kuti palibe chikuchitika.

Ndi mmene anaganiziranso bambo ena achikulire amene anafika Lolemba atatumizidwa ndi dokotala wawo. Nditawapatsa kachipangizo kofinya kokhala ndi manambala, anakatembenuzatembenuza n'kunena kuti, "Mwana wanga, adokotala anditumira zimenezi? Ndimati mundikwezeka panjinga ija." Ndinawapempha kuti afinye ndi mphamvu zonse katatu, ndinatenga nambala yaikulu, kenako ndinawawerengera magawo 30 pa 100 a nambalayo. Pamenepo mpamene ankayenera kugwira kwa mphindi ziwiri. Lamba woyezera BP ndinawamanga mkono winawo. Tisanayambe makina anaonetsa 148/92, mtima ukugunda ka 74 pa mphindi. Mphindi yachiwiri ikutha, dzanja likunjenjemera, inali 176/104, mtima 88.

Ataona manambalawo anataya chipangizocho pamiyendo. "Ndabwera kuti BP itsike, inu mukuikweza?"

Funso limeneli ndimalilemekeza, ndipo sindiliyankha mothamanga. Munthu akamayenda, minofu imafinya n'kumasuka, kufinya n'kumasuka, ndipo magazi amapeza mpata wodutsa. Mitsempha ya m'minofumo imatseguka, choncho nambala ya pamwamba imakwera koma ya pansi imakhala pomwepo, nthawi zina n'kutsikako. Mnofu ukangofinya osasiya, umapanikiza mitsempha yake yomwe, ngati munthu waponda paipi ya madzi. Magazi amalowa movutikira, zotsalira za ntchito ya mnofuwo zimaunjikana, ndipo timitsempha ta m'kati mwake timatumiza uthenga ku ubongo. Ubongo umalamula mtima kuti ukankhe mwamphamvu, mitsempha ina ya m'thupi ichepe. Manambala onse awiri amakwera, mtima n'kungowonjezera liwiro pang'ono. Ndinawauza bambowo kuti tidikire limodzi. Patapita mphindi ziwiri ndinayezanso, ndipo BP inali itabwerera pomwe inachokera. Anapuma mwakuya n'kutolanso chipangizo chija.

Lachiwiri ndinalakwitsa, ndipo zikundipwetekabe mumtima. Kunabwera mnyamata wa zaka za m'ma 30, wamphamvu zake, wozolowera kunyamula zitsulo, amene anamupeza ndi BP posachedwapa. Ndinamuika pakhoma, ndinamuuza kuti azipuma bwinobwino, kenako ndinatembenuka kuti ndilembe mu fayilo. Sizinakwane theka la mphindi. Pocheuka ndinapeza wakukuta mano, masaya atafufuma, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Anali atagwira mpweya n'kumachima, monga amachitira akamanyamula chitsulo. Ndinamuuza kuti atulutse mpweya, ndipo pamene ankadzuka maso anachita mdima, miyendo n'kulefuka. Ndinamugwira m'khwapa n'kumukhazika pansi.

Kuchima kotereku m'mabuku athu kumadziwika ndi dzina la Antonio Valsalva, katswiri wa thupi la munthu wa ku Italy amene anamwalira mu 1723. Munthu akatseka kukhosi n'kumakankha, m'chifuwa mumapanikizika, BP imadumpha poyamba, kenako magazi obwerera ku mtima amachepa ndipo mtima umasowa chopopa. Akamasula mpweya BP imagwa kaye kanthawi isanakwerenso, ndiye chizungulire chija. Mu 1985 wofufuza wina, a MacDougall, ndi anzawo ku Canada anayeza BP ya m'kati mwa mtsempha mwa anthu onyamula zitsulo pamene ankakankha katundu wolemera ndi miyendo yonse iwiri. Anapeza manambala ngati 320/250, ndipo mmodzi anapyola 480/350. Amenewo anali anyamata athanzi, kwa masekondi ochepa chabe. Anga ndi anthu amene mitsempha yawo yatopa kale.

Mnyamatayo anachira pasanathe mphindi zisanu ndipo iye sanazitenge ngati nkhani. Ine ndinalemba zonse mu lipoti monga zinachitikira. Kuyambira tsiku lomwelo aliyense amene ali pakhoma amawerenga mokweza, wani, thu, fili, mpaka nthawi itakwana, chifukwa munthu sangawerenge mokweza atagwira mpweya. Ndipo cholembera ndimachisiya patebulo mpaka munthu atadzuka.

Lachitatu ndinali ndi ophunzira atatu, ndipo ndinawaonetsa chinthu chimene chimandisangalatsa nthawi zonse, ngakhale ndachiona kambirimbiri. Mmodzi wa iwo, mtsikana wathanzi, anafinya chipangizo kwa mphindi ziwiri. Atatsala pang'ono kusiya, tinapopa lamba pamkono womwewo mpaka magazi anaima, kenako tinamuuza kuti amasule dzanja. Dzanja linali phee pantchafu, palibe mnofu ukugwira ntchito. Kugunda kwa mtima kunatsika msanga, koma BP ya mkono winawo inakanirirabe pamwamba. Titaphwetsa lamba, magazi n'kutsuka mnofu uja, nayo inatsika. Mnzake wina anafunsa kuti, "Ndiye kuti mnofu umalankhula wokha ndi ubongo?" Eya, umalankhuladi. Ofufuza awiri, Alam ndi Smirk, anaonetsa zimenezi mu 1937 ndi malamba ngati omwewa, ndipo mpaka lero palibe chithunzi cha m'buku chimene chimafotokoza bwino kuposa kuona singano ikukana kutsika dzanja litamasuka. Ndinawakumbutsanso kuti madokotala a mtima amagwiritsa ntchito kufinya komweku pomvetsera mtima: wodwala akakunga zibakera, phokoso la valavu (kachitseko ka magazi mu mtima) yodontha limamveka kwambiri chifukwa mtima ukukankha molimbana ndi BP yokwera.

Lachinayi ndinabweza mayi ena. Anali ndi 186/112, ndinayeza katatu atapumula, osasintha. Anadandaula kuti, "Ndadzuka m'mamawa chifukwa cha zimenezi, achimwene, ingondilolani kamodzi kokha." Ndinakana, ndipo ndinawaperekeza ndekha kwa dokotala. Pa BP yotere sitiyamba masewera oikwezanso. Chimodzimodzi kwa munthu amene mtsempha wake waukulu wochokera ku mtima unatupa, kapena amene akumva kupweteka pachifuwa kosakhazikika. Tsiku lonselo linathera pa mafayilo.

Ndiye n'chifukwa chiyani timawavutitsa anthu ndi masewera okweza BP? Yankho linabwera Lachisanu, ndi mayi ena amene amaliza masabata asanu ndi atatu akutsamira khoma katatu pa sabata: mphindi ziwiri, kupuma mphindi ziwiri, mpaka kanayi. Amabwera ndi kabuku komwe amalembamo BP yawo m'mawa uliwonse asanamwe mankhwala. Tinatsegula tsamba loyamba ndi lomaliza n'kuwaika pamodzi. Nambala ya pamwamba inali itatsika ndi pafupifupi 7, mankhwala ali omwewo. Ofufuza amaloza ku zimene zimachitika mnofu ukamasuka: magazi amakhamukira m'mitsempha imene inapanikizidwa, ndipo zikamachitika mobwerezabwereza mitsemphayo imayamba kutseguka mosavuta. Mu 2023 magazini ya British Journal of Sports Medicine inafalitsa kafukufuku amene anasonkhanitsa mayeso 270 a anthu oposa 15,000. Masewera a isometric anatsitsa BP ndi pafupifupi 8 pamwamba ndi 4 pansi, pomwe kuyenda, kuthamanga ndi kupalasa njinga kunatsitsa ndi pafupifupi 4.5 ndi 2.5.

Manambalawa atatuluka anthu ambiri anatengeka, ena n'kufika ponena kuti khoma lakwanira. Ine sindigwirizana nazo. Mayeso ambiri a isometric ndi a anthu ochepa komanso a masabata owerengeka, pomwe ubwino wa kuyenda pa mtima, mapapo ndi shuga unatsimikizika kwa zaka zambiri. Mayiwo atandifunsa ngati tsopano angasiye mapiritsi, ndinawauza kuti kabuku kajako akakaonetse kwa dokotala wawo, ndiye alamule, ndiponso kuti akasiya khoma BP idzabwerera pang'onopang'ono. Kuyenda kwawo kwa madzulo ndinawapempha kuti kusaime.

Womaliza tsikulo anali bambo aja a Lolemba. Anakhala pampando, n'kutambasula okha mkono kuti ndiwamange lamba, ndipo ndisanatsegule pakamwa anali atayamba kale kuwerenga mokweza. Pa 90 mawu anayamba kunjenjemera limodzi ndi dzanja. Ine maso anali pakhosi ndi pamilomo pawo. Pa 120 anamasula, n'kutambasula zala chimodzichimodzi, kenako analoza makina aja.

"Tiyeni tiidikire itsike, mwana wanga. Kwatsala katatu."